Chipepeso cha Mahatchi

1. Matenda a Tusekele

Pakati pa Amalawi a mu South Bend, ku Indiana m'dziko la America, panalibe amene sankadziwa kuti Tusekele, mwana wa a Evelina, wadwala matenda a mahatchi. Ukamupatsa moni ankakuyankha za mahatchi. Ku tchalitchi, atsikana akaunjikana pakona kunong'onezana za amene waoneka m'galimoto ya ndani, nkhani zimene kale mwini wake anali Tuse yemweyo, iye ankangosolola foni.

"Zisiyeni izo. Taonani kamwana ka hatchi aka, kabadwira m'tchire!"

Matendawa anawatenga kusukulu. Aphunzitsi a sayansi anawaonetsa kanema wa mahatchi a m'tchire. Si okwera aja ayi. Awa ndi afupiafupi, onenepa khosi, khungu ngati mchenga, tsitsi la pakhosi lili njo ngati burashi ya nsapato. Kwawo ndi ku Mongolia ndi maiko oyandikana nako, kumene udzu umangopita osatha, mtengo osauona. Kumeneko anatha psiti. Anatsala ochepa okha m'malo osungira nyama, m'maiko a eni.

Tsopano kuli anthu amene amawasamala mpaka aswane, kenako n'kuwalowetsa m'mabokosi, kuwakweza ndege, ndi kukawamasula kwawo. Koma ndege siuluka ndi madzi. Choncho kalabu ya zachilengedwe ya pasukulupo inagwirizana kuti aliyense apemphe thandizo kwa anthu ake, ndalamazo zipite ku bungwe logwira ntchitoyo.

Anzake zinkawayendera. Wina amalume ake ali ndi galaja, wina agogo ake amaphika makeke ogulitsa pa mpira. Tuse anayesa ku tchalitchi. Anayambira kwa a Mervin, bambo wanthabwala amene amayendetsa basi ya mumzinda.

"Mahatchi akwere ndege?" anatero a Mervin, akugwira nthiti. "Ine kumudzi ndinapita liti? Iwe, kawauze azunguwo andiike ineyo m'bokosimo. Udzu ndidya, sindivuta."

Anthu anaseka mpaka misozi. Tuse anabwerera kunyumba chimanjamanja, milomo ili gwa.

2. Gulu la Zovuta

Loweruka m'mawa a Evelina anafika kuchokera ku shifiti ya usiku kuchipatala. Anavula nsapato pakhomo, anatseka mawu a foni monga amachitira akafuna kugona, anaisiya pa chaja kukhitchini, n'kukadziponya pabedi. M'nyumbamo amakhala awiriwiri. Bambo ake a Tuse, a Chester, anamwalira iye ali wamng'ono.

Tsono muyenera kudziwa izi. Amalawi a ku Indiana ali ndi magulu a pafoni osawerengeka. Lilipo la kwaya, la amayi, la mpira, ngakhale la ukwati wa chaka chatha, limene mpaka lero anthu akukanganamo za mpunga wosapsa. Magulu onsewa anthu anawamyuta kalekale kuti asamalire. Uthenga ukhoza kugonamo sabata wopanda wouona.

Koma lilipo limodzi limene palibe amalimyuta. Dzina lake ndi Zovuta. Limenelo likalira, munthu amatsegula ngakhale ali pakati pa pemphero. Mumalembedwa chinthu chimodzi chokha: maliro. Wina akalemba, anthu amayamba atumiza chipepeso, mafunso pambuyo, chifukwa kutumiza thupi ku Malawi si masewera. Lamulo lakenso ndi limodzi. Woseweretsa gululo amachotsedwa, iye ndi banja lake.

Tuse ankalidziwa bwino lamuloli. Paja nkhani ya mayi wina wa ku Lafayette Square, mu Indianapolis, amene anachotsedwa chifukwa chotsatsa mafuta odzola m'gululo, anaifalitsa ndi iyeyo, mpaka kuyerekeza mayendedwe a mayiyo.

"Koma ine sindikugulitsa kanthu," anadziuza yekha, akuzula foni ya amayi ake pa chaja. "Ndikuthandiza."

Analemba: "Chonde abale tithandizeni. Tumizani kangachepe pa nambala ino ya a Evelina. Zambiri onani m'munsimu." Uthengawo unapita. Kenako anasankha kanema wa mahatchi uja, anadina, n'kubweza foni pa chaja. Anapita kubafa kukamasula tsitsi, nyimbo zili m'makutu.

Kanema uja anazungulira, anazungulira, n'kukana kupita.

3. Foni yochokera ku Kokomo

Kumasula tsitsi la Tuse ndi ntchito ya m'mawa wonse. Anali atafika cha kunkhongo pamene foni yake inalira. Anali Joan, mnzake wa ponda apa nane ndipondepo, wa ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Mayi ake a Joan ndi Anti Vainess, wapampando wa gulu la Zovuta, mayi amene akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kuulula ndi zimene sunachite.

Joan ankanong'ona.

"Tuse! Uli kuti? Uli ndi ndani?"

"Ndili kubafa. Bwanji ukuyankhula ngati wakuba?"

"Nanga Anti Evelina?"

"Ali kuchipinda. Akuliza mkonono, ukufuna ndikumvetsere?"

Joan anakuwa, kenako anadzitseka pakamwa.

"Ali moyo? Iwe Tuse, ali moyo? Ifetu tili panjira yobwera kwanu, taima pa Kokomo, tikuthira mafuta! Mami akhala akulira kuchokera ku Indianapolis. Anandiletsa kukuimbira, ati mwana safunsidwa za maliro pafoni. Ndathawira kuchimbudzi kuno."

"Maliro a ndani?"

"A mayi ako! Walemba mu Zovuta ndi ndani? Uthenga ukuti nambala ya a Evelina, ndiye kuti wolembayo si iwo. Anthu awaimbira, awaimbira, sakuyankha. Ukuti anthu aganize chiyani?"

Tuse anathamangira kukhitchini, theka la mutu lili nyankhalala. Foni ya amayi ake inali itadzaza. Pepani. Ambuye atonthoze mwanayo. Tanyamuka. Ndasiya ntchito, ndikubwera. Pakati pa mauthengawo, ndalama zinkangolowa, zinkangolowa. Pansi pa zonse panali kanema wa mahatchi, ali ndi kachizindikiro kofiira kosonyeza kuti sanapite.

Anakhala pansi, msana atatsamira firiji, n'kumufotokozera Joan zonse.

"Mayo ine," anatero Joan. "Mahatchi! Tamvera, ndikuthandize. Dilita msanga uthengawo. Ulembe kuti foni inahakidwa, akuba a pa intaneti analowamo. Chaka chatha anawahaka a Mervin, aliyense anawamvera chisoni, nkhani inathera pomwepo. Ukanena zoona, Mami awachotsa Anti Evelina m'gulu lero lomwe. Ukuwadziwa. Lemba kuti yahakidwa, ine ndikuikira umboni."

Foni inaduka.

4. Mawu a Anti Vainess

Tuse anayamba kulemba. "Pepani nonse, foni iyi yahakidwa." Mawu oti yahakidwa anawalakwitsa kangapo.

Asanatumize, anaona uthenga wa mawu umene unali utafika kale, wochokera kwa Anti Vainess. Sunali wa m'gulu, unabwera paokha. Anaudina.

Kunamveka phokoso la galimoto, kenako mawu osasa ndi kulira.

"Tusekele mwana wanga, ngati foni ili ndi iwe, mvera. Usaope. Usakhale wekha m'nyumbamo, tuluka ukhale pakhonde, anthu a pafupi akufika. Ife tili pamsewu. Usadandaule za ndalama, usadandaule za mapepala, zimenezo ndi zathu. Bambo ako tinawanyamula, mayi akonso tiwanyamula mpaka kwawo. Iweyo lero ugona kwathu. Bedi la Joan ndi lalikulu. Ndiwe wanga, wamva? Ndiwe wanga."

Tuse anaumvera mpaka kumapeto. Anaubwerezanso. Kenako anafufuta zimene analemba zija, chilembo ndi chilembo.

Chichewa cha Tuse n'chopunduka. Amamva zonse, miseche ndiye samuphonya, koma poyankha akuluakulu amathawira ku Chingerezi. Tsiku limeneli sanathawe. Anatsegula gulu la Zovuta, anadina pojambulira mawu.

"Ndine Tusekele, mwana wa a Evelina. Palibe amene wamwalira. Amayi ali bwino, akugona. Uthenga uja ndalemba ndine, iwo sakudziwa. Foni sinahakidwe. Ndimapempha ndalama za mahatchi a kusukulu. Ndinasankha gulu lino chifukwa ndimadziwa kuti lino mumatsegula. Ndalakwa kwambiri. Chonde musawachotse amayi."

Anatumiza. Kenako anachita chovuta kuposa pamenepo: anakagogoda kuchipinda.

A Evelina anamvetsera atakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali ofiira ndi tulo. Anatenga foni, anayenda nayo ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Tusekele, wandipha ndili moyo," anatero motsitsa. "Kuno tilibe malume, tilibe azakhali. Gulu limeneli ndiye m'bale wathu. Akatichotsa, ine n'kugwa mawa, iwe udzagogoda pa khomo la ndani?"



Foni inawala. Anali Anti Vainess, m'gulu, mawu awiri okha: "Tamva. Sitibwerera."

A Evelina anaimirira, anamanga chitenje.

"Tenga tsache. Alendo a pamaliro anga asapeze nyumba yakuda."

5. Maliro opanda mtembo

Oyamba kufika anali a mu South Bend momwemo. Ena anali atamva kale mawu a Tuse ali pamsewu, koma anati tikaone ndi maso athu. Mayi wina anafika atavala yunifolomu ya kuchipatala, baji ili pachifuwa. A Mervin anafika atanyamula mipando yopinda. Aliyense polowa ankawagwira a Evelina dzanja nthawi yaitali, osalisiya.

Kenako inaima galimoto ya ku Beech Grove. Anti Vainess anatsika, mpango wakuda kumutu, chitenje pamwamba pa diresi. Sanapereke moni kwa aliyense. Analunjika kwa a Evelina, anawagwira mapewa, anawatsina mkono.

"Aaa, achemwali, zowawatu!" anatero a Evelina.

"Ziwawe! Wakufa samva kuwawa!"

Anakumbatirana, uku akulira, uku akuseka. Amuna awo a Anti Vainess, a Lucious, ankatsitsa katundu mwakachetechete: mapoto akuluakulu a gulu, thumba la mpunga, nkhuku, nyemba, zonse zogula mothamanga m'mashopu a pa Lafayette Road. Joan anatsika pomaliza, akuyang'ana pansi ngati wataya ndolo.

Anthu atakhala, Anti Vainess anatsitsa magalasi.

"Tusekele, bwera. Khala apa, undiyang'ane."

Tuse anagwada pa kapeti.

"Kumudzi munthu akatisiya, imamveka mfuu. Anthu amasiya makasu m'munda, amasiya ndowa pachitsime, n'kuthamanga. Kuno kulibe mfuu. Ukalira mokweza m'nyumba muno, woyandikana nawe akuitanira apolisi kuti ukusokosa. Mfuu yathu ndi kagulu kaja. N'chifukwa chake sitifunsa mafunso. Wofunsa amachedwa.

"Taona mayi awa. Asiya odwala awo m'manja mwa mnzawo, abwana akuwayang'ana ndi diso lofiira. Kuli mnyamata wa ku yunivesite amene watumiza ya chakudya chake, sindikudziwa kuti adya chiyani. Kuli agogo ena ku Lafayette Square amene BP yawakwera atamva. Onsewa sanafunse kuti Evelina wadwala chiyani. Anangoti maliro n'kulirana, n'kunyamuka.

"Tsono tamvera chimene ndikuopa ine. Sindikuopa mafuta amene tawotcha lero. Ndikuopa mawa. Mawa wina adzatisiyadi. Gulu lidzalira, ndipo munthu adzayang'ana foni n'kunena kuti, dikirani kaye, mwina ndi mahatchi. Ndiye thupi la mwana wa munthu lidzagona mufiriji ya eni, mayi ake ku Malawi akudikira pabwalo la ndege. Chinthu chimene wachigwira lero si chako, si cha mayi ako, si changa. Anachimanga anthu ndi misozi, ena mwa iwo tinawatumiza kale kwawo. Mwana wanzeru akapeza khomo lotseguka, amayamba wafunsa kuti analitsegulira ndani."

Tuse misozi inkagwera pa kapeti.

A Mervin anakhosomola.

"Amayi a pampando, ine mwanayu ndimamukonda. Koma lamulo ndi lamulo. Mayi wa mafuta odzola uja tinamuchotsa. Akamva kuti awa tawasiya, atinena kuti timayang'ana nkhope."

Ena anagwedeza mitu kuvomereza. A Evelina anangowerama, manja ali pamiyendo.

6. Makoma a pa Kokomo

"Mwanena zoona, a Mervin," anatero Anti Vainess. "Koma ndikuuzeni kumene ndinamvera ine kuti Evelina ali moyo. Sindinamvere m'gulu ayi. Ndinamvera m'chimbudzi cha pamalo othirira mafuta pa Kokomo. Zimbudzi za kuno makoma ake safika pansi. Mwana wanga ankanong'ona mbali iyi, ine ndili mbali inayo."

Joan anabisa nkhope m'manja.

"Nditamva kuti Evelina ali moyo, ndinagwada pomwepo, pa simenti yonyansa ija, kuthokoza Mulungu. Ndisanadzuke, ndinamva mlangizi wamkulu, Joan wanga yemweyu, akuphunzitsa mnzake kuti anene kuti foni yahakidwa. Mpaka umboni analonjeza!"

"Mami..."

"Chete. Nkhani yako tikambira m'galimoto, msewu ndi wautali."

Anthu anayamba kuseka chamumtima.

"Ndinabwerera m'galimoto osanena kanthu. Ndinawauza bambo a Joan kuti, musalize kaye injini. Mwana uja akalemba kuti yahakidwa, tikhota pompano, ndipo dzina la Evelina ndilifufuta ndi chala changa, ngakhale ali ngati m'bale wanga. Gulu silingasenze kulakwa ndi bodza tsiku limodzi. Tinadikira. Kenako anabwera mawu aja, Chichewa chake chokhotakhota ngati msewu wa ku Golomoti. Ndalemba ndine. Foni sinahakidwe. Ndinati, bambo a Joan, lizani galimoto, tikaone mwana wathu."

Anatembenukira kwa a Mervin.

"Mayi wa mafuta uja tinamufunsa, anati walemba ndi mdzukulu wake, pamene mdzukuluyo anali asanamere mano. Uyu njira yothawira anapatsidwa m'manja, yabwino, yoti tonse tikanaikhulupirira. Anaikana. Ine ndikuti Evelina akhale. Amene akuti achoke akweze dzanja."

Palibe dzanja linakwera. A Mervin anakweza lawo pang'ono, koma n'kukanda nalo m'mutu.

A Evelina anapumira m'mwamba. Anagwada pafupi ndi mwana wawo, anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo abale anga. Lero ndaona maliro anga ndi maso. Sindimadziwa kuti ndine wolemera chonchi."

"Koma chilango chilipo," anatero Anti Vainess. "Ndalama ya misozi sidyedwa ndi hatchi. Iliyonse ibwerere kumene yachokera. Ndipo aliyense amene watumiza, Tusekele amuimbire yekha. Osati kulemba, kuimba. M'Chichewa."

7. Otsika ndi miyendo yawo

Chakudya cha pamaliro sichibwerera. Amayi analowa kukhitchini, mapoto a gulu anakhala pamoto, ndipo posakhalitsa m'nyumbamo munali phokoso ngati pa chinkhoswe.

Tuse anakhala pakhonde ndi foni ya amayi ake, kuimbira anthu mmodzimmodzi. Ena anamukalipira mpaka khutu kutentha. Ena anangoseka. Mnyamata wa ku yunivesite uja anati palibe vuto, koma amusungire ntchafu ya nkhuku. Agogo a ku Lafayette Square sanafune kumva za kupepesa. Anangoti, "Ndipatse Evelina ndimve mawu ake," ndipo atawamva anayamba nyimbo yothokoza pafoni pomwepo. Kwa aliyense Tuse ankayamba ndi pepani, koma ankapezeka kuti wamaliza ndi zikomo.

Ali pakati pa ntchitoyo, a Lucious anadzakhala pambali pake. Ndi bambo osayankhulayankhula.

"Tandionetsa mahatchi akowo. Ndawawotchera mafuta, ndiwaone nkhope."

Tuse anawaonetsa kanema uja. Ndege yaikulu inatera pabwalo lafumbi. Mabokosi anatsitsidwa, anakwezedwa pa malole, anakaikidwa pakati pa udzu wopanda malire. Anthu anakoka zitseko. Hatchi yoyamba inasuzumira, inanunkhiza mphepo, inaponda pansi mosamala ngati pakutentha. Kenako inaliyatsa liwiro, zinzake pambuyo.

"Amenewa anabadwira kumeneko?" anafunsa a Lucious.

"Ayi, Ankolo. Anabadwira kunja, makolo awonso kunja. Kwawoko akukuona koyamba."

A Lucious anati aubwereze. Ataonanso, anavula chipewa, anachiika pabondo.

"Bokosi la bambo ako ndinaliperekeza ndine," anatero. "Ndinaima pawindo la bwalo la ndege, ndikuliona likukwera pa lamba pamodzi ndi masutikesi. Chichokereni tsiku limenelo, ndikaona bokosi pafupi ndi ndege ndimayang'ana kumbali. Gulu lathu latumiza mabokosi ambiri, mwana wanga. Sindinaonepo ngakhale limodzi likutsegulidwa, mwini wake n'kutsika ndi miyendo yake."

Anadzuka, analowa ndi foniyo m'nyumba, n'kuipereka kwa akazi awo. Kanemayo anayenda dzanja ndi dzanja. Phokoso la kukhitchini linatsika.

Anti Vainess anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje.

"Tusekele! Nkhani yabwino ngati imeneyi n'kuilowetsa pawindo? Bwanji sunabwere kwa ine?"

"Ndinayesa ku tchalitchi, Anti. Anthu anandiseka."

Maso onse anapita kwa a Mervin.

"Ine ndimangocheza!" anatero a Mervin, fupa lili m'manja.

"Mvera," anapitiriza Anti Vainess. "Mu Julaye tili ndi chikondwerero cha ufulu ku Indianapolis. Kumeneko ndiye kopemphera zinthu zotere, anthu atakhuta, nyimbo zikulira. Ndikupatsa nthawi yako. Uonetsa kanemayu pakhoma, ufotokoza wekha, kenako tiika lichero pakati, perekaniperekani wa mahatchi. Wofuna avine n'kuponya, wosafuna akhale pampando. Sindikulonjeza kuti lidzadza. Ena adzakufunsa kuti bwanji mahatchi pamene kumudzi kuli njala, ndipo funsolo ndi labwino, ukonzekere yankho lake. Koma amene adzaponye adzaponya akudziwa chimene akuponyera."

"Ine ndidzatsegulira," anatero a Mervin, "bola andisungire mpando wa pawindo."

Tuse anayenda chogwada mpaka pamiyendo ya Anti Vainess.

"Anti, zikomo. Osati za Julaye zokha. Mawu amene munatumiza aja. Munati ndine wanu."

"Ndinanena ndikulira, koma sindibweza. Ndiwe wanga. Ukanakhala wa eni ndikanakusiya ndi makutu ako osatsina. Tsono pita ukamalize mutuwo, ukuoneka ngati hatchi yako yomweyo."

8. Nambala ya kutali

Mbale zinali zikutsukidwa pamene Joan anamukoka Tuse pakona. Manyazi anali atamuthera, nkhani yatsopano itamudzaza m'kamwa.

"Iwe, wawaona a Mervin? Nthabwala zatha. Akungoyang'ana foni, thukuta kamukamu."

"Bwanji?"

"Ndawamva akuuza Dadi. M'mawa uthenga wako utangofika, anautumiza kwa msuweni wawo ku Karonga. Msuweniyo ndi woyandikana nyumba ndi amalume ako. Mawu ako opepesa aja aiwala kutumiza!"

Tuse asanayankhe, foni ya a Evelina inawala patebulo. Nambala yake inali yoyamba ndi 265, ya ku Malawi. Aliyense m'chipindamo anaiona. A Mervin anayamba kufunafuna chipewa chawo.

A Evelina anatambasula dzanja, koma Tuse anafika msanga.

"Mami, ndipatseni. Ndinayamba ndine."

Anti Vainess anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kugwedeza mutu kamodzi.

Tuse anaika foni kukhutu. Kunamveka mawu a bambo akuti halo, halo, ndani ali pamenepo. Kumbuyo kwa mawuwo, kutali, kunkamveka amayi ambiri akuimba nyimbo yapang'onopang'ono ya pamaliro.



"Amalume, ndine Tusekele. Musadule. Choyamba, auzeni amayiwo asiye kaye kuimba."